Kunenepa kwambiri ndi kubereka kwa amayi

Kunenepa kwambiri ndi vuto limene limabwera mafuta akachuluka m'thupi kufika poyamba kuwononga thanzi la munthu. Kwa amayi amene ali pa msinkhu wobereka, vutoli limatha kusokoneza msambo, kulepheretsa dzira kukhwima ndi kutuluka pa nthawi yake, kuchedwetsa kutenga pakati ndiponso kuwonjezera chiopsezo cha kupita padera. Izi zimachitika chifukwa mafuta a m'thupi si nkhokwe ya chakudya chabe. Iwo amatulutsa ndi kusintha mahomoni, omwe ndi timadzi timene timayenda m'magazi n'kumauza ziwalo zoyenera kuchita. Amayi ambiri onenepa amabereka popanda vuto lililonse, koma tikatenga amayi ochuluka n'kuwayerekezera, mwayi wotenga pakati mwezi uliwonse umachepa pamene kulemera kukukwera.

Kayezedwe ndi kukula kwa vutoli

Njira yodziwika kwambiri yoyezera kunenepa imatchedwa BMI. Imapezeka potenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu, n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita kawiri. Mwachitsanzo, mayi wolemera makilogalamu 80 amene ndi wotalika mamita 1.6 ali ndi BMI ya 31. Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse la WHO limati munthu wamkulu amene ali ndi BMI ya 25 kupita m'mwamba ndi wolemera mopitirira muyezo, ndipo amene wafika pa 30 ndi wonenepa kwambiri. Njirayi ili ndi polekezera chifukwa siisiyanitsa mafuta ndi minofu, komanso siionetsa pamene mafutawo aunjikana. Mafuta a pamimba, makamaka amene amakuta ziwalo zam'kati, ndiwo amasokoneza kwambiri mahomoni kusiyana ndi a m'chiuno ndi m'ntchafu. N'chifukwa chake azaumoyo amayezanso kuzungulira kwa mimba.

Malinga ndi WHO, mu 2022 munthu mmodzi pa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri, ndipo chiwerengero cha akuluakulu otere chinali chitawirikiza kawiri kuchokera mu 1990. Kusinthaku kwachitika mofulumira kwambiri moti sikungachokere ku chibadwa chokha. Kwabwera makamaka chifukwa cha kadyedwe ndi kakhalidwe: zakudya zokazinga, zakumwa zotsekemera, ufa woyera, zakudya za m'mapaketi, pamodzi ndi ntchito zongokhala pansi. Ku South Africa, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 alionse anali olemera mopitirira muyezo kapena onenepa kwambiri. Ku Malawi, kafukufuku wotere wa mu 2015 ndi 2016 anapeza amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, ndipo vutoli linali lalikulu m'mizinda kuposa kumidzi.

Kusabereka nako, malinga ndi WHO, ndi kulephera kutenga pakati patatha miyezi 12 anthu akukhala malo amodzi kawirikawiri popanda kulera. Lipoti la bungweli la mu 2023 linati pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 6 alionse amakumana ndi vutoli pa nthawi ina ya moyo wake.

Mbiri

Anthu anazindikira kalekale kuti pali mgwirizano pakati pa kunenepa ndi kubereka. Mabuku akale a ku Greece amene amatchedwa ndi dzina la Hippocrates amafotokoza kuti akazi onenepa a mtundu wa Asikuti sankatenga pakati msanga, pamene adzakazi awo ochepa thupi, amene ankagwira ntchito zolimba, ankatenga mosavuta. Mu 1935, madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analemba za amayi amene sankasamba bwino, anali ndi matumba a mazira otupa, ndipo ena mwa iwo anali onenepa ndi omera ndevu. Matendawa ndi amene anadzatchedwa PCOS.

M'zaka za m'ma 1970, Rose Frisch wa ku yunivesite ya Harvard anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: mtsikana amafunika kukhala ndi mafuta okwanira m'thupi kuti ayambe kusamba, ndipo mayi akaonda kwambiri msambo umatha kuima. Choncho thupi limafuna mafuta apakatikati, osachepa komanso osachuluka. Funso linatsala linali lakuti ubongo umadziwa bwanji kuchuluka kwa mafutawo. Yankho lina linapezeka mu 1994, pamene Jeffrey Friedman ndi anzake a ku yunivesite ya Rockefeller ku New York anatulukira homoni yotchedwa leptin, imene imapangidwa ndi maselo a mafuta. Mbewa zobadwa zopanda leptin zimanenepa modabwitsa ndipo sizibereka, koma zikapatsidwa homoniyi zimayamba kubereka.

Mmene dzira limakhwimira

Mayi ali ndi matumba a mazira awiri, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 mpaka 400,000. Mwa amenewa, mazira pafupifupi 400 mpaka 500 okha ndiwo amadzakhwima n'kutuluka pa moyo wake wonse. Dzira lililonse limakhala m'kathumba kakekake, mozunguliridwa ndi maselo amene amalidyetsa.

Ntchito yokhwimitsa dzira imayambira mu ubongo. Kagawo ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni ya GnRH pang'onopang'ono, modukizadukiza. Homoniyi imalamula kachiwalo kena kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pituitary, kuti katulutse mahomoni awiri, FSH ndi LH. FSH imakulitsa timatumba tingapo, ndipo kamodzi kamaposa tinzake n'kuyamba kutulutsa estrogen wambiri. Estrogen akafika pa mlingo wina, LH imakwera mwadzidzidzi, kathumbako kamaphulika ndipo dzira limatuluka. Chotsalira cha kathumbako chimapanga progesterone, homoni imene imakonza khoma lam'kati la chiberekero kuti lilandire dzira ngati lakumana ndi umuna. Dongosolo lonseli limadalira kuti homoni iliyonse ibwere pa nthawi yake ndiponso pa mlingo wake, ndipo apa ndi pamene kunenepa kumalowerera.

Mmene mafuta amasokonezera mahomoni

Njira yoyamba ndi ya insulini, homoni imene imathandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. Munthu akanenepa, minofu ndi chiwindi zimasiya kumvera bwino insulini, motero kapamba amakakamizika kutulutsa yochuluka. Matumba a mazira, komabe, amapitiriza kuimva. Insulini yochulukayo imagwirizana ndi LH polimbikitsa matumbawo kupanga mahomoni achimuna monga testosterone, amene mayi aliyense amakhala nawo koma ochepa. Pa nthawi yomweyo insulini imachititsa chiwindi kuchepetsa puloteni yotchedwa SHBG, imene imamanga mahomoni amenewa m'magazi kuti asagwire ntchito mopitirira. Zotsatira zake n'zakuti timatumba tambiri timayamba kukula koma timaima panjira, ndipo mwezi umatha popanda dzira kutuluka.

Njira yachiwiri ndi ya estrogen. M'maselo a mafuta muli chinthu chotchedwa aromatase chimene chimasandutsa mahomoni achimuna kukhala estrogen. Mafuta akachuluka, estrogen amapangidwa mosalekeza kunja kwa matumba a mazira, m'malo mokwera ndi kutsika motsatira masiku a mwezi. Ubongo ukalandira uthenga wosasinthawu, katulutsidwe ka FSH ndi LH kamasokonekera. Ngakhale mwa amayi onenepa amene amasamba mwezi ndi mwezi, ofufuza apeza kuti LH imatuluka mofooka ndipo progesterone amakhala wochepa dzira likatuluka.

Njira yachitatu ndi ya leptin. Pa mlingo wabwino, leptin imauza ubongo kuti thupi lili ndi chakudya chokwanira kusunga mimba. Mwa munthu wonenepa imakhala yochuluka nthawi zonse, moti ubongo umaleka kuimva bwino, ndipo m'matumba a mazira imatha kusokoneza maselo amene amapanga mahomoni. Leptin imagwirizananso ndi kutha msinkhu: atsikana onenepa nthawi zambiri amayamba kusamba msanga kuposa anzawo.

Njira yachinayi ndi kutupa kwa m'kati. Maselo a mafuta akafufuma kwambiri, maselo oteteza thupi amasonkhana pamenepo n'kumatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa. Kutupaku sikuoneka ndipo sikupweteka, koma kumakhalitsa, kumawonjezera kusamva insulini, ndipo kumafika mpaka m'madzi amene dzira limakuliramo.

Zimene zapezeka pa mbewa

Mazira a anthu ndi ovuta kuwapeza kuti awafufuze, motero zambiri zokhudza dzira lenilenilo zadziwika kudzera mu mbewa za mu labotale. Ofufuza amatenga mbewa zazikazi za mtundu umodzi, kawirikawiri wotchedwa C57BL/6, n'kuzigawa pawiri. Gulu lina limadya chakudya cha masiku onse, pamene lina limapatsidwa chakudya chimene mphamvu zake 45 kapena 60 pa 100 zimachokera ku mafuta, nthawi zina chothiranso shuga. Pakatha milungu ingapo gulu lachiwirili limanenepa. Popeza mbewazo n'zofanana pa chibadwa, kusiyana kulikonse kumene kwaoneka kumakhala kochokera ku chakudya ndi kunenepa kumene chabweretsa.

Magulu a ofufuza monga la Rebecca Robker ku yunivesite ya Adelaide ku Australia ndi la Kelle Moley ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America apeza zinthu zingapo. Mafuta amaunjikana m'dzira ndi m'maselo olizungulira, ndipo akapitirira mlingo amakhala ngati poizoni kwa maselowo. Tizigawo topanga mphamvu m'selo, totchedwa mitochondria, timawonongeka. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa mwana amalandira mitochondria kuchokera ku dzira la mayi, ndipo masiku oyambirira a moyo wake amadalira mphamvu yochokera mmenemo. Timaulusi timene timakoka makromozomu pamene dzira likugawikana timathanso kukhala tokhotakhota, zomwe zingachititse dzira kukhala ndi makromozomu osakwanira kapena opitirira. Mbewa zoterezi zimatulutsa mazira ochepa, mazira ake sakumana bwino ndi umuna, ndipo ana ake ena amakula mosayenera ngakhale pamene dziralo lasamutsidwira m'chiberekero cha mbewa yosanenepa.

Zotsatira za pa mbewa sizingatengedwe zonse ngati za anthu. Mbewa imabereka ana ambiri nthawi imodzi, nyengo yake imatenga masiku 4 kapena 5 okha, ndipo mitundu ina ya mbewa siivutika kubereka ngakhale itanenepa. Komabe, gulu la Robker litayeza madzi a m'timatumba ta mazira a amayi amene ankalandira chithandizo cha kusabereka, linapeza kuti mwa amayi onenepa munali insulini, mafuta ndi zizindikiro za kutupa zochuluka, mofanana ndi zimene zinaoneka pa mbewa.

Zimene zapezeka pa amayi

Kafukufuku wamkulu wa anamwino a ku America wotchedwa Nurses' Health Study anaonetsa kuti amayi amene anali onenepa ali ndi zaka 18 ankakumana kwambiri ndi kusabereka kobwera chifukwa cha dzira kusatuluka. Vutoli silithera pamenepo. Mu 2008, ofufuza a ku Netherlands anatsatira amayi amene ankachedwa kutenga pakati ngakhale mazira awo ankatuluka bwinobwino. Anapeza kuti BMI ikadutsa 29, mwayi wotenga pakati mwachibadwa unkatsika ndi pafupifupi 4 pa 100 pa nambala iliyonse yowonjezera.

Pa chithandizo cha IVF, pamene dzira limakumanitsidwa ndi umuna kunja kwa thupi n'kubwezeredwa m'chiberekero, amayi onenepa amafuna mankhwala ochuluka kuti mazira akhwime, ndipo ochepa mwa iwo ndiwo amafika pobereka mwana wamoyo. Chithandizochi chathandizanso kusiyanitsa vuto la dzira ndi vuto la chiberekero. Ku Spain, kafukufuku wa mu 2013 wa amayi oposa 9,000 amene analandira mazira ochokera kwa amayi ena osanenepa anapeza kuti mimba zinkakhazikika mochepa mwa olandira onenepa. Izi zikusonyeza kuti khoma la chiberekero nalonso limakhudzidwa.

Mimba ikakhazikika, kunenepa kumawonjezera chiopsezo cha kupita padera, matenda a shuga a pa mimba, kuthamanga kwa magazi, kuundana kwa magazi m'mitsempha, kubereka kudzera mu opaleshoni ndi kufa kwa mwana m'mimba. Mwana amatha kubadwa wamkulu kwambiri kapena ndi chilema cha msana. Palinso vuto lina limene silikhudza mimba: mayi amene amakhala miyezi yambiri dzira lisakutuluka amakhala ndi estrogen wopanda progesterone womuletsa, motero khoma la chiberekero limangokhuthala, ndipo pakapita zaka izi zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero.

Matenda a PCOS

PCOS ndi matenda a mahomoni amene amagwira pafupifupi mayi mmodzi pa 10 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ndiwo amachititsa kwambiri kuti dzira lisamatuluke. Malinga ndi mfundo zimene akatswiri anagwirizana ku Rotterdam mu 2003, mayi amapezeka ndi matendawa ngati ali ndi zizindikiro ziwiri mwa zitatu izi, matenda ena ofanana nawo atachotsedwapo: kusamba modumphadumpha kapena kusasamba, kuchuluka kwa mahomoni achimuna komwe kumaoneka ndi ndevu, ubweya wa pachifuwa kapena ziphuphu, ndiponso timatumba tambirimbiri tosakhwima toonekera pa sikani.

PCOS ndi kunenepa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali amayi ochepa thupi amene ali ndi PCOS, ndipo amayi ambiri onenepa alibe. Matendawa amayenda kwambiri m'magazi a pabanja. Koma ziwirizi zikakumana zimakulitsana, chifukwa zonse zimachititsa thupi kusamva insulini.

Chithandizo

Kwa mayi wonenepa amene dzira lake silituluka, makamaka wa PCOS, kuchepetsa kulemera ndi 5 mpaka 10 pa 100 kumakwanira nthawi zambiri kuti msambo ubwerere m'malo. Kwa mayi wa makilogalamu 80, amenewa ndi makilogalamu 4 mpaka 8. Sipafunika kufika pa thupi laling'ono kuti kusintha kuoneke. Malangizo a kadyedwe ndi ofanana ndi a matenda a shuga: kuchepetsa zakumwa zotsekemera, zokazinga ndi zakudya za ufa woyera, kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba, nsomba, zipatso ndi ufa wosakonola, komanso kuchepetsa muyezo wa chakudya cha pa mbale. WHO imalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo izi zimathandiza thupi kumva insulini ngakhale sikelo isanasinthe.

Kuchepetsa thupi sikuthetsa zonse. Mu 2016 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa LIFEstyle, wa amayi 577 onenepa ndi osabereka. Theka linayamba ndi miyezi 6 yosintha kadyedwe ndi kuchita zolimbitsa thupi, pamene theka lina linayamba chithandizo cha kusabereka nthawi yomweyo. Amayi a m'gulu loyamba ambiri anatenga pakati mwachibadwa, koma pakutha kwa miyezi 24 chiwerengero cha ana obadwa athanzi sichinapose cha gulu lachiwiri. Chifukwa cha zotsatira ngati zimenezi, madokotala amaganiziranso zaka za mayi. Mazira amachepa ndi kufooka mofulumira mayi akadutsa zaka 35, motero kwa mayi wa msinkhu umenewu kudikira chaka chathunthu kuti aonde kungamutayitse zambiri kuposa zimene angapindule.

Ngati dzira silikutulukabe, pali mankhwala olithandiza. Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito clomiphene, koma kafukufuku wa ku America wa mu 2014 wa amayi 750 a PCOS anapeza kuti letrozole amathandiza amayi ochuluka kubereka ana amoyo. Metformin, mankhwala a shuga, amaperekedwanso nthawi zina. Kwa onenepa koposa pali opaleshoni yochepetsa chifu, imene imabwezeretsa msambo mwa amayi ambiri, koma mayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, chifukwa pa nthawiyi thupi limakhala likuonda mofulumira ndipo limasowa zakudya zina zofunika. Mankhwala atsopano ochepetsa thupi monga semaglutide saloledwa pa mimba, ndipo ayenera kusiyidwa miyezi iwiri mayi asanayambe kufuna pakati. Mayi aliyense wofuna pakati amalangizidwa kumwa folic acid pofuna kuteteza mwana ku chilema cha msana.

Maganizo a anthu

M'madera ambiri a mu Africa, thupi lalikulu limaonedwa ngati chizindikiro cha thanzi, mtendere wa m'banja ndi kupeza bwino, ndipo m'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri kuonda kunkachititsa munthu kukayikiridwa. Izi zimachititsa kuti uphungu wochepetsa thupi usalandiridwe mosavuta. Kumaiko ena vuto ndi losiyana: ku Britain, madera ambiri sapereka IVF yaulere kwa mayi amene BMI yake yadutsa 30, ndipo akatswiri amatsutsana ngati lamuloli ndi lachilungamo.

Kunenepa ndi chimodzi chabe mwa zinthu zambiri zimene zimachititsa kusabereka. Kumwera kwa chipululu cha Sahara, chifukwa chachikulu mwa amayi ndi kutsekeka kwa njira zodutsa mazira, kobwera ndi matenda opatsirana pogonana kapena matenda olowa pobereka ndi pochotsa mimba mosatetezeka. M'mabanja ambiri osabereka vuto limakhala kwa mwamuna, ndipo kunenepa kwa mwamuna nakonso kumachepetsa testosterone ndi kufooketsa umuna. Ngakhale zili choncho, kawirikawiri mkazi ndiye amanyozedwa ndi achibale ngakhalenso kusiyidwa ukwati. N'chifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti banja limene latha chaka popanda pakati, kapena miyezi 6 ngati mayi wadutsa zaka 35, lipite kuchipatala onse awiri, ndipo onse ayezedwe asanaganize kuti vuto ndi thupi la mayi.